KUTSINA KHUTU PAMSIKA: Mankhwala otsukira mapaipi si a m'mimba

 Sabata ino tisiye kaye kulira za chiphaso cha khonsolo ndi kukwera kwa mitengo kooda. Ticheze za kabotolo.

Kunja kuno kuli mankhwala ena amene dzina lake ndi chlorine dioxide. Ndi mankhwala enieni, ali ndi ntchito yake, ndipo mizinda ina ikuluikulu ya kunja imayeretsera madzi akumwa. Koma akathyali ena anawathira m'timabotolo nkuwapatsa dzina lonyengerera loti Miracle Mineral Solution, mwachidule MMS. Ati kadontho kake kamachiza malungo, Edzi, khansa, shuga, chiwindi, mpaka korona amene. Matenda onse, botolo limodzi. Koma abale!

Mwina wina akuti, nanga ife zikutikhudza pati? Zikutikhudza chifukwa katundu aliyense wofika kumudzi amadzera m'manja mwathu. Tengani kwa Kasakula, kumapiri a Ntchisi chakufupi ndi Dowa uko. Anzathu okaoda soya, mtedza, nyemba ndi zina za kumunda kumadera amenewo sapita chimanjamanja ayi. Popita amanyamula sopo, mchere, mabatire, zitenje, timapilitsi ta mutu, zoti akagulitse tsiku la msika. Chimene chatchuka m'tauni mwezi uno, mwezi wa mawa chayalidwa pa chiguduli kumudziko. Ndipo munthu wa kumapiri, amene chipatala chili kutali ndipo njira yake ndi zitunda zokhazokha, akaona botolo lobwera ndi munthu wa m'tauni amati zimenezi ndiye zenizeni. Ndiye tisanafike ponyamula zinthu zosazidziwa, tiyeni tiidziwe mbiri yake.

KUMENE ANACHOKERA

Amene anayamba kupanga chlorine dioxide ndi mzungu wa ku England, Humphry Davy, m'chaka cha 1811. Mkuluyu sankafuna mankhwala a odwala, ankangofufuza za mipweya. Anapeza mpweya wachikasu chobiriwirako, wonunkha moboola mphuno. Mpweya umenewu ndi waukali, ukachuluka malo amodzi umatha kuphulika. N'chifukwa chake mpaka lero sautumiza m'masilinda ngati gasi wophikira, amaupangira pomwepo pamene akufuna kuugwiritsa ntchito.

Kwa zaka zoposa 100 unalibe ntchito yodziwika kwenikweni. Kenaka mu 1944 a zamadzi mumzinda wa Niagara Falls ku America anayamba kuuthira m'madzi a m'mipope pofuna kuchotsa fungo ndi kakomedwe koipa kobwera ndi zonyansa za m'mafakitale. Mu 1956 mzinda wa Brussels ku Belgium unayamba kuugwiritsa ntchito pophera tizilombo m'madzi a mzinda. Kuyambira pamenepo unafalikira.

Komabe gawo lalikulu la chlorine dioxide wopangidwa pa dziko lapansi silipita m'madzi akumwa. Limapita m'mafakitale a mapepala. Mtengo akaugaya umakhala wofiirira, ndiye amauyeretsa ndi mankhwala amenewa kuti pepala lituluke loyera mbee. Mu 2001, zigawenga zitatumiza makalata okhala ndi tizilombo ta anthrax ku America, boma linatseka nyumba ya maofesi a aphungu yotchedwa Hart Senate Office Building ku Washington nkufukizamo mpweya womwewu. Anthu onse anali atawatulutsa kaye panja.

Tamvani bwino pamenepa. Chinthu choyeretsera mitengo yogaya, chinthu chofukizira nyumba anthu atathawamo, ndi chimene ena akuti mupatse mwana wa miyezi isanu ndi umodzi pa supuni.

NKHANI YAGONA PA MUYESO

Inu a malonda muyeso mumaudziwa kuposa aliyense. Mchere wa pa chala umakometsa ndiwo, mchere wa chigoba chodzaza umatayitsa mphika wonse. Feteleza wa kachitsekero amakulitsa chimanga, wa mbale amachiwotcha. Ndi mmenenso zilili apa.

Ku America lamulo limati chlorine dioxide asapitirire mamiligalamu 0.8 pa lita imodzi ya madzi akumwa. Tiyeni tiwerengere limodzi. Diramu la malita 200 ndiye kuti mamiligalamu 160 basi. Pilitsi limodzi la Panado la akuluakulu lili ndi mamiligalamu 500 a mankhwala. Ndiye kuti diramu lonse lathunthu lija likulandira kachidutswa kosakwana ndi theka lomwe la pilitsi. Ndipo amene amathira ndi anthu ophunzira ntchitoyo, okhala ndi makina oyezera tsiku ndi tsiku.

Nanga kabotolo ka MMS? Mumakhala mankhwala otchedwa sodium chlorite, magawo 28 pa 100 aliwonse. Wogula amauzidwa kuti asakanize ndi madzi a mandimu kapena asidi wina, ndipo zikasakanikirana zimatulutsa chlorine dioxide wamphamvu mu kapu momwemo. Palibe makina, palibe woyeza. Woyeza wake ndi m'mimba mwa wodwala.

Zotsatira zake madokotala anazilemba kale. Munthu amasanza, amatsekula m'mimba kwambiri, thupi limatha madzi, magazi amayenda mofooka mpaka kukomoka. Mankhwalawa amawotcha kukhosi ndi m'matumbo. Akalowa m'magazi amaphwanya timaselo tofiira tonyamula mpweya, ndipo impso zimatha kuleka kugwira ntchito. Tsono taganizani mwana wa malungo. Malungo pa okha amamaliza magazi, n'chifukwa chake ana ambiri amakawawonjezera magazi ku chipatala. Inu nkubwera ndi chinthu chinanso chophwanya magazi omwewo, nkumati mukuthandiza.

Pamene pagona uchenjezi wa ogulitsa ndi apa: munthu akayamba kusanza amamuuza kuti musadandaule, ndiye kuti mankhwala akugwira, matenda akutuluka. Mawu amenewa kwa ife si achilendo. Tinakula tikumva kuti mankhwala osawawa ndi madzi chabe, ndipo wosanza ndiye akuchira. Akathyali amadziwa zimenezi. Chizindikiro choti munthu wamwa poizoni achisandutsa umboni woti akuchira. Akachira, ati ndi botolo. Akamwalira, ati munachedwa kubwera naye. Wogulitsa saluza mbali iliyonse.

MKULU WA GOLIDE NDI TCHALITCHI CHAKE

Mwini nkhani yonseyi ndi Jim Humble wa ku America. Sanali dokotala. Anali wofunafuna golide. Iye ankanena kuti mu 1996 ali m'nkhalango za ku Guyana, anzake atadwala malungo, anawamwetsa madontho oyeretsera madzi ndipo anachira m'maola ochepa. Umboni wake unali pakamwa pake pomwepo. Mu 2006 anatulutsa buku lotamanda mankhwalawa, ndipo ankadzitama kuti wachiritsa anthu zikwizikwi mu Africa muno. Dziko lathu lino nalo ankalitchula pa mayiko amene ati anafikako.

Taonani mmene amachitira anthu oterewa. Kwawo malamulo a mankhwala ndi okhwima, ndiye amathamangira kuno kwa osauka, kujambula zithunzi za amayi ali pa mzere ndi ana kumbuyo, nkubwerera nazo kwawo kukaitanira malonda. Ife timakhala chikwangwani chawo.

Mu 2010 bungwe loona za zakudya ndi mankhwala ku America, la FDA, linachenjeza anthu kuti MMS ndi bulichi, asamwe. Humble ndi mnzake Mark Grenon anapeza njira yozembera. Anayambitsa tchalitchi chotchedwa Genesis II Church of Health and Healing, nkumati botololi si mankhwala koma sakalamenti, ndipo ndalama zimene mukupereka si mtengo koma chopereka. Mwaonatu? Geni yavala kolala.

Koma boma silinagone. Mu 2015 bambo wina wogulitsa mankhwalawa pa intaneti, Louis Daniel Smith, anagamulidwa kukakhala kundende zaka zinayi ndi miyezi itatu. Mu 2016 Humble mwini wake, atapanikizidwa ndi atolankhani, analemba kuti MMS sachiza kanthu. Mwini wake wa katundu! Koma ophunzira ake anapitiriza malonda ngati sanamve.

Mu 2019 nyuzipepala ya The Guardian ya ku London inaulula kuti m'busa wina wa ku America, Robert Baldwin, ankagawa MMS ku Uganda kudzera mwa abusa a m'midzi, ndipo anthu amene anamwetsedwa ankayerekezedwa kufika 50,000, makanda omwe. Apolisi a ku Uganda anamanga mnyamata wa ku Britain, Sam Little, pa nkhani yomweyo. Ku Uganda si kumwamba ayi, ndi konkuno, kumene ena mwa inu mumamva za malonda ake tsiku ndi tsiku.

Itabwera korona mu 2020 malonda anakwera zedi, makamaka ku South America. Ku Bolivia aphungu anafika pokhazikitsa lamulo lololeza chlorine dioxide ngati mankhwala a korona, unduna wawo wa zaumoyo ukukana. Anthu anaima pa mizere kugula, ndipo zipatala zinayamba kulandira anthu owotcheka m'mimba. Ku Argentina mwana wa zaka zisanu anamwalira mu Ogasiti chaka chomwecho makolo ake atamumwetsa poganiza kuti akumuteteza.

Mathero ake? Mu 2023 khoti la ku Miami linapeza Mark Grenon ndi ana ake atatu olakwa. Awiri anawapatsa zaka 12 ndi miyezi, awiri enawo zaka zisanu zisanu. Khoti linamva kuti banjali linapeza ndalama zoposa madola 1 miliyoni pogulitsa madzi amene ankasakaniza m'kashedi kuseri kwa nyumba ku Florida. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere.

IFE TINAZIONAPO KALE

Tisawaseke a ku Bolivia. Amene munali akuluakulu mu 1995 mukukumbukira Mchape. Bambo Billy Goodson Chisupe a ku Machinga ananena kuti analota mtengo wochiza Edzi, ndipo dziko lonse linakhamukira kumeneko. Mabasi, malole, mapikapu, maofesi kutsala mipando yokha. Ena amati anthu amene anakamwa anafika 300,000. Matipate anali atangobwera kumene, aliyense ankalankhula zakukhosi, ndipo dokotala akati tiyeni tiyeze kaye mankhwalawa ankaoneka ngati wansanje.

Tinene chilungamo, a Chisupe sankalipiritsa, ndipo chimene chinawatengera anthu kumeneko si uchitsiru. Anali mantha. Masiku amenewo maliro anali tsiku ndi tsiku, chipatala chinalibe choti chikupatse, ankangoti pitani mukadye bwino kunyumba. Munthu womira amagwira ndi udzu womwe. Ndipo tisaiwale, amene anadyapo bwino pa Mchape ndi ife amalonda: a mabasi, a zigubu, a nsima, a malo ogona.

Koma Edzi inatha? Maliro anapitirira. Chimene chinadzachepetsa maliro ndi ma ARV amene boma linayamba kugawa ulere mu 2004. Lero tili ndi anzathu pamsika pompano amene akhala pa mankhwalawa zaka 20, akunyamula mabelo, ana awo ali ku sekondale. Tsono tayerekezani munthu wotere mukumuuza kuti siya mapilitsi, imwa madontho awa uchiriretu. Kumeneko ndi kupha munthu ndi manja. Dziwaninso kuti lamulo la dziko lino la HIV ndi Edzi la 2018 limaletsa kufalitsa bodza loti muli ndi mankhwala ochiza Edzi. Mukhoza kukagona ku Maula chifukwa cha botolo la mwini wake.

Malungo nawo ali ndi mbiri yake yotiphunzitsa. Chloroquine atasiya kugwira, dziko lino linali loyamba mu Africa kumusiya nkuyamba Fansidar mu 1993. Fansidar naye atafooka, mu 2007 tinayamba LA. Mu 2019 Malawi inali dziko loyamba kuyamba kupereka katemera wa malungo kwa ana. Mwaona mmene amayendera mankhwala enieni? Amawayeza, amawerenga ochira ndi osachira, akaona kuti afooka amawasintha poyera. Botolo la zozizwitsa silisintha, silifooka, silikhala ndi wolephera. Chimenecho chokha chikuuzeni kuti pali bodza.

KOMA KLORINI WA MU NDOWA MUSAMUTHAWE

Apa ndiye ndikufuna tcheru chenicheni, chifukwa wina achoka pano nkukalalika kuti nyuzi yanena kuti klorini ndi poizoni. Ayi ndithu.

WaterGuard amene timagulitsa m'maokala, amene anafika kuno mu 2002, ndi klorini amene alangizi a zaumoyo amagawa m'midzi nthawi ya dzinja, si MMS. Ndi pachibale, ngati munthu ndi msuweni wake, koma si chinthu chimodzi. Ndipo ntchito yake ndi yodziwika: amathira mu ndowa, osati m'kamwa. Muyeso wake unalembedwa pa botolo, mumathira, kugwedeza, nkudikira mphindi 30. Klorini uja amalimbana ndi tizilombo m'madzimo, pofika pomwa nkhondo yatha kale.

Tonse tikukumbukira kolera amene anayambira ku Machinga mu Malichi 2022 nkufalikira maboma onse. Anthu oposa 1,700 anamwalira, mliri wa kolera woopsa kuposa ina yonse m'mbiri ya dziko lino. Mu Januwale 2023 sukulu za ku Lilongwe ndi Blantyre zinachedwa kutsegulidwa, ndipo ogulitsa zakudya zophikaphika tinaona tokha mmene geni inaimira. Chimene chinathandiza pa nthawi imeneyo ndi madzi othira klorini, kusamba m'manja ndi sopo, zimbudzi, Thanzi ORS, katemera ndi kuthamangira ku chipatala msanga. Mphekesera nazo zinapha anthu, chifukwa ena ankabisa odwala m'nyumba poopa zimene anamva pa WhatsApp.

Ganizani za mudzi wa kumapiri ngati kwa Kasakula mvula ikagwa. Madzi amatsetsereka kuchokera kumtunda atakokolola zonse za m'thengo nkukathira m'zitsime ndi m'timitsinje ta kumunsi. Mjigo ukawonongeka amayi amabwerera komweko. Banja lotero likufunika klorini wa mu ndowa kuposa wina aliyense. Tsono likadzamva kuti mwana wa uje anamwalira atamwa mankhwala a klorini a m'botolo, lidzasiyanitsa bwanji? Lidzakana zonse, ndi wa alangizi yemwe. Wonyenga uja amapha pawiri: amapha womwa botolo lake, nkuphanso woopa kuthira m'madzi.

Mfundo yake ndi yaifupi. Chopha tizilombo pa tebulo, mu ndowa kapena m'paipi sichisankha. Chimawotcha chilichonse chamoyo chimene chakumana nacho. Mu ndowa chimakumana ndi tizilombo. M'thupi chimakumana ndi inuyo. Jik amayeretsa malaya a sukulu, koma palibe mayi wanzeru amene anamwetsapo mwana Jik kuti ayere m'mimba.

TISANAODE, TIFUNSE

Ndikudziwa kuti zinthu zathina. Mpamba ukutha, ngongole ya banki m'khonde ikudikira Lachisanu, ndipo munthu akabwera ndi katoni nkunena kuti botolo limodzi mupindula katatu, mtima umagunda. Makamaka akabwera atavala jekete, Baibulo kukhwapa, ndi kavidiyo pa foni ka mzungu wovala gauni loyera. Safunsa anadya phula. Mufunseni izi.

Choyamba, kodi katunduyu analembetsedwa ku bungwe la boma loona za mankhwala la PMRA? Aonetse. Akayamba zoti boma ndi madokotala akubisa chifukwa akuopa kuluza malonda, dziwani kuti mwakumana naye. Nyimbo imeneyo ndi yomwe ankaimba a Grenon mpaka tsiku lolowa m'ndende.

Chachiwiri, akuti amachiza matenda angati? Malungo amabwera ndi kachilombo ka udzudzu, shuga ndi vuto la m'thupi momwe, khansa ndi zina, Edzi ndi zina. Kiyi mmodzi wotsegula maloko onse a mumsika amakhala ndi wakuba yekha.

Chachitatu, werengani pa botolo. Mukaona mawu oti MMS, CDS, chlorine dioxide kapena sodium chlorite, komanso akukuuzani zosakaniza ndi mandimu musanamwe, bwezani katoniyo. Maina amasintha, ena amati madontho oyeretsa magazi, ena amati madzi a moyo, koma fungo la bulichi silibisika.

Chachinayi, mufunseni ngati angamwetse mwana wake inu mukuona, muyeso womwewo akukuuzani.

Ndipo wina akamwa kale nkuyamba kusanza, musadikire kuti matenda atuluke, musamukakamizenso kusanza. Thamangani naye ku chipatala, botolo lomwelo mutenge kuti adokotala aone chimene wamwa.

Kumbukiraninso kuti tsiku la mlandu mwini katoni sapezeka. Foni yake imakhala yozima. Amene anthu a kumudzi akumudziwa nkhope ndi inu, amene mumabwera tsiku la msika lililonse, amene mumadya nsima kwa amfumu, amene amakukongozani soya pokukhulupirirani. Ukayenda siya phazi, ukasiya mlomo ukutsata. Ubale umene mwamanga zaka khumi ndi alimi a kumapiri ungathe ndi maliro amodzi.

Mukafuna kupita ndi kanthu kothandiza kwa Kasakula dzinja likubwerali, nyamulani sopo, ndowa zokhala ndi zivindikiro, WaterGuard wosapitirira masiku ake ndi mapaketi a Thanzi. Phindu lake ndi lochepa, inde, koma mudzagona tulo, ndipo kasitomala wanu adzakhalapo chaka chamawa kuti adzakugulitseninso mtedza.

Wakutsina khutu ndi mnansi. Tionane sabata yamawa, geni iyende.